Penti wobiriwira wa pa bedi la amayi

Zala zikundiwawa pamene ndikulemba izi. Zikhadabo zathyokathyoka, ndipo m'mizere ya m'manja mwatsalira zakuda zimene sopo walephera kuchotsa. Anzanga ku ofesi andiseka kale, ati mwina ndayamba pisiweki ku galaja. Nkhani yake si yokambira pa tiyi, choncho ndikuuzani inu kuno patsamba langa, kumene ndimalankhula popanda wondidula pakamwa.

Masiku apitawa ndinapala penti yense pa bedi lachitsulo la amayi anga, n'kulipukuta mpaka linayamba kuwala. Ndinachita ndi manja angawa, ndi mtima wonse, ndipo ntchito inatuluka bwino kwambiri. Ndikanakonda ikanandikanika.

Ndiyambire poyambira. Amayi akhala ku Kabwata, m'kanyumba kamodzimodzi, kuchokera ine ndisanabadwe. Bambo anatisiya kalekale. Ana tilipo awiri: achimwene anga a Lazaro, amene amakhala ku Woodlands, ndi ine wamng'ono, wa ku Chelstone. Kwa zaka zingapo tsopano amayi akhala akuiwala. Zinayamba ndi makiyi opezeka m'thumba la ufa ndi mapoto opserera pa mbaula. Tinkaseka nawo limodzi, n'kumati ndi ukalamba. Kenako anayamba kufunsa ngati bambo abwerako ku ntchito, ndipo kuseka kunatha.

Mwezi watha anatuluka m'mawa kukagula tomato, n'kuiwala njira yobwerera. Anapezeka pa nyumba ina chakuseri kwa msika, akukankha geti, alibe nsapato, akuitana dzina limene palibe ankalidziwa. Inu a mu Lusaka mukudziwa chimene chimachitika mayi wokalamba akapezeka chomwecho pageti la eni m'mawa. Anthu anasonkhana, mafoni m'mwamba, ndipo wina anayamba kunena kuti mfiti yagwa paulendo. Mawu amenewa safuna umboni, amangofuna munthu wachiwiri wowabwereza. Mwamwayi panadutsa Amake Mutinta, aneba athu akale ogulitsa zitumbuwa. Anaika beseni pansi n'kulowa pakati pa gululo ndi zigongono.

"Chokani apa imwe," anatero. "Aba ni bamake Lazalo, ba mu laini yatu. Badwala chabe. Mulibe bamai banu imwe?"

Anawafunditsa chitenje, anawatengera kunyumba, kenako anandiimbira foni. Sanandinyengerere.

"Lelo nenzepo," anandiuza. "Siku ina sinizapezekapo. Batengeni."

Kuwatenga kunali kosavuta kunena. Ndinali nditayesapo kale. Ndinawakonzera chipinda chabwino, bedi latsopano la matiresi ofewa, makatani a maluwa. Anagonamo kamodzi kokha. Kutacha ndinawapeza atamanga mtolo wawo, atakhala pafupi ndi geti kudikira kuti wina atsegule, ati m'nyumba ya eni munthu sachedwamo. Ena ku tchalitchi anandiuza kuti ndiwatengere kwa mneneri akawachotse chimene chikuwayendetsa. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Amene anandithandiza ndi namwino wa ku kiliniki, mayi wodekha amene waona ambiri otere. Iye anati munthu woiwala amagwiririra zinthu zimene anazizolowera, ndiye mukamusamutsa, musamutseni ndi zake. Ndinafunsa amayi chimene akufuna kupita nacho. Tsiku limenelo mutu unali bwino, ndipo anayankha mosazengereza.

"Bedi yanga. Kwamene izagona bedi yanga, na ine nizagona kwamene uko."

Ndiye nkhani inali imeneyo. Bedi likawakhazika ku Chelstone, amayi apulumuka. Likalephera, tsiku lina adzatulukanso, ndipo Amake Mutinta sakhala paliponse.

Tinagwirizana kuti amayi akakhale kaye ku Woodlands, poti alamu anga anali pa tchuthi ndipo geti lawo silitseguka wamba, ine ndikonze chipinda. Bedi linabwera pa kalole ka hayala litamasulidwa zigawo: kumutu, kumiyendo, ndi chapakati cha mawaya. Atalitsitsa pakhonde panga, pa matailosi anga, ndinaliona ngati koyamba. Ku Kabwata linkakhala m'kachipinda kamdima, lobisika ndi nsalu ndi masutikesi. Pano linali padzuwa, ndipo ndinene mosabisa, linali loipa.

Bambo ankalipenta chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira, penti wobiriwira, ndipo atamwalira amayi anapitiriza mwambowo mpaka manja atayamba kunjenjemera. Palibe anapalapo ngakhale kamodzi. Ankangopaka pamwamba pa fumbi, pamwamba pa dzimbiri, pamwamba pa tsitsi lothothoka ku burashi. Penti anali atakhuthala ngati phala lozizira, ndi mizere ya madontho amene anaumira panjira. Madontho amenewo ndimawadziwa bwino. Ife ana tinkakwera pabedi limeneli pokhapokha tikadwala, ndipo ndili ndi malungo ndinkatha masana onse ndikuwatokosa ndi chikhadabo, amayi n'kumandimenya dzanja. Pamakona panali zibulunga zobiriwira zimene sizinkaonekanso kuti zinali chiyani.

Tsono amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa mmene ndimadanira ndi penti wa mtundu umenewu. Ndalembapo kangapo, ndipo ena munandiuza kuti ndili ndi pakamwa. Mumzinda muno timakonda kupenta. Kukamabwera mlendo wamkulu, miyala ya m'mbali mwa msewu imadzuka itayera mbee, ngalande ili yotsekeka pambali pake. Mwana akamakwatiwa timapenta khoma loyang'ana kumsewu, lakumbuyo n'kulisiyira ndere. Minibasi imatuluka ku galaja ikunyezimira, chitseko chili chomangidwa ndi waya. Ine zimenezi zimandinyansa, ndipo sindinasinthe maganizo. Choncho nditaima pakhonde paja ndinati amayi anga sagonera dzimbiri lobisika. Ndilipala lonse, ndione chitsulo chenicheni.

Chimenecho chinali chifukwa choyamba, chimene ndinkauza anthu. Chachiwiri ndinkachidziwa ndekha. Lachinayi lililonse amayi a m'gulu lathu la mapemphero amakumana kwanga, ndipo ndinkadziwa kuti adzalowa m'chipinda kukapereka moni kwa odwala. Ndinaona m'maganizo maso awo akuyenda kuchoka pa makatani kufika pa bedi lija. Kodi alipo mwa inu amene sanakonzepo nyumba chifukwa cha maso a anthu?

Ndinatsika minibasi m'tauni n'kulowa mu sitolo ina ya zipangizo kuseri kwa Cairo Road. Wogulitsa anandipatsa chitini cha mankhwala ofewetsera penti, chopalira, burashi ya waya, sandipepa wokhakhala ndi wosalala, ndi kachitini ka polishi wa zitsulo.

"Mami, muvale magolovesi, iyi mankwala iluma," anatero. "Koma nchito ni ikulu. Si mupeleke chabe kuli ba welda bachose na mashini?"

Ndinamuuza kuti kwathu magetsi amabwera ngati mlendo, ndipo awelda onse aunjika mageti a anthu amene akudikira malaiti. Komanso sindinkafuna makina pa bedi la amayi. Ndinapempha tchuthi ku ntchito, ndinamanga mpango kumutu ndi chitenje chakale m'chiuno, n'kuyamba.

Amene simunagwirepo ntchito imeneyi, ndikuuzeni mmene imayendera, chifukwa ngakhale zatha momwe zathera, ntchitoyo ndinaikonda. Umapaka mankhwala mochuluka, n'kudikira. Kudikirako ndiye kovuta, dzanja limayabwa kufuna kuyamba. Pakapita kanthawi penti amayamba kutukusira n'kuchita makwinya. Ukalowetsa chopalira, amasendeka mosavuta n'kugwera pa manyuzipepala amene wayala pansi, ndipo umati kodi anthu amaopa chiyani. Kenako umaona kuti pansi pake pali penti wina, wouma gwa, amene mankhwala sanamufike, ndipo uyenera kuyambanso. Ndinayambanso mpaka ndinasiya kuwerenga. Fungo lake limakwera mpaka kumutu, ndipo dontho limodzi limene linagwera pamkono, pamwamba pa golovesi, linandiphunzitsa kuti wogulitsa uja sananame.

Pansi pa wobiriwira panali wobiriwira wina, wodera, ndipo pansi pake wina wotuwirako. Chapakati ndinapeza wabuluu, ndipo ndinayamba ndakhala pansi kaye. Ndinakumbukira chaka chimenecho. Penti wobiriwira anasowa m'masitolo, bambo anabwera ndi wotsala wa mnzawo, ndipo amayi sanawalankhule mpaka Khirisimasi itadutsa. Ife ana tinkaona ngati nthabwala, munthu wamkulu kukwiyira mtundu wa penti. Ndinaseka ndekha pakhonde, n'kupala wabuluuyonso.

Malo owongoka savuta. Ntchito ili m'makona, molumikizira zitsulo, ndi m'timaluwa tachitsulo timene tinayamba kuoneka kumutu kwa bedi, timene sindinkadziwa n'komwe kuti tilipo. Mmenemo chopalira sichilowa. Ndinagwiritsa ntchito burashi ya waya, msomali, ndi mswachi wakale, kutokosa pang'onopang'ono mpaka msana kuuma. Bambo a kunyumba ankadutsa popita ku ntchito ndi pobwera, n'kumapukusa mutu.

"Imwe, muzasila ndimwe, bedi ikalipo," anatero tsiku lina. Koma anavula jekete n'kundigwirira chitsulo kuti chisagwedezeke.

Penti atatha, chitsulo chinali chakuda ndi mawanga a dzimbiri, koma dzimbirilo linali lapamwamba chabe. Ndinkayembekezera kupeza pobooka kapena pofumbwa, kuti ndidzakuuzeni kuno kuti mwaona zimene penti amabisa. Sindinapeze. Chitsulo chinali cholimba, cholemera, cha mtundu umene sapanganso. Ndinayamba ndi sandipepa wokhakhala, kenako wosalala, kenako wosalala yemweyo nditamunyowetsa, dzanja likuyenda mbali imodzi kuti pasakhale zokalika zopingasa. Ukadumpha malo chifukwa cha kutopa, dzuwa limakuulula, ndipo umabwerera. Pomaliza ndinatenga waya wotsukira mapoto, kenako polishi pa kansanza, kupaka, kudikira kuti atuwe, n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka mkono kutentha.

Ntchito ya manja imakusiyira mutu kuti uganize. Masiku amenewo ndinaganiza za amayi kuposa mmene ndaganizira chaka chonse. Ndinalira kangapo, ndipo si fungo la mankhwala limene linandiliritsa. Mwana wa munthu woiwala amakhala ndi manja opanda chochita. Sungamubwezere dzina limene lamuthawa, sungamukumbutse nkhope. Koma chitsulo ukachikhula chimaonetsa, ndipo madzulo umaona pamene wafika. Ndinkamva kuti tsopano ndapeza chinthu chimene ndingawachitire.

Zibulunga za pamakona ndinazisiyira kumapeto. Nditapala choyamba, pansi pake panatuluka chikasu. Unali mkuwa. Ndinakhula, ndinapukuta, ndipo unawala mpaka ndinaona nkhope yanga mmenemo. Ndinaitana bambo a kunyumba kuti adzaone. Bedilo tinalimanga m'chipinda, tinayala nsalu zoyera, dzuwa la masana likugunda pa mkuwa uja. Ndinalijambula, koma chithunzicho sindinatumize kwa achimwene, chifukwa ndinkafuna kuti adzadabwe akafika. Ndinanyada, ndipo sindikana.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, achimwene anabwera ndi amayi. Anatsika m'galimoto ali bwino ndithu. Anandizindikira, anandiitana ndi dzina, n'kundifunsa chifukwa chake ndaonda. Ndinawagwira dzanja n'kuwatsogolera ku chipinda.

"Amai, onani bedi yanu. Yafika."

Anaima pakhomo. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, ndipo dzanja lawo linachoka m'dzanja langa. Kenako anawerama, anavula nsapato n'kuziika bwinobwino kunja kwa chitseko. Analowa monyang'ama, anafika pa chibulunga chimodzi, anachiuzira mpweya, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje. Atatembenuka, nkhope inali ya munthu wina, wamantha. Anapinda maondo pang'ono, maso ali pansi.

"Madamu, napukuta kuseni," anatero. "Ni bana bagwilapo na manja."

"Amai, ni ine. Mwana wanu."

"Inde, madamu."

Achimwene anandikoka mkono kupita nane pakhonde. Titafika pamenepo ananditembenukira n'kundifunsa.

"Wachita chani iwe? Penti ili kuti?"

"Nachosa. Yenze yoipa."

"Ija bedi inachokela ku mayadi. Ni ya muzungu wamene amai benze kusebenzela."

Ndinkadziwa kuti amayi anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga ine ndili mwana. Ndinkadziwa monga mmene timadziwira zambiri za makolo athu, mutu wa nkhani wokha. Iwo sankaikamba, ife sitinkafunsa. Achimwene, amene nthawi imeneyo anali atazindikira kale, anandiuza zotsalazo titaima pakhonde pomwe panali patamwazikabe tizibenthu ta penti. Amayi ankanyamuka ku Kabwata wapansi kusanache, ndipo ntchito yoyamba inali kupukuta mkuwa wa bedi limeneli. Mayi wa nyumbayo ankabwera kudzayendetsapo chala. Akapeza chidindo cha dzanja, amayi ankabwereza, ndipo nthawi yoweruka inkasunthira kutsogolo. Banjalo pobwerera kwawo linawasiyira bedilo ngati mphatso. Bambo analibweretsa pa wilibala, zigawozigawo, akunyadira kuti mkazi wawo agona pabwino.

Amayi anakana kuligonera. Ankayala mphasa pansi pambali pake, ndipo m'mawa ankadzuka n'kulipukuta. Bambo anaona zimenezi kwa kanthawi. Kenako tsiku lina anabwera ndi chitini cha penti wobiriwira, wamba, wopentera zitseko za m'komboni, n'kupaka paliponse, mkuwa ndi maluwa omwe. Penti atauma, amayi anapinda mphasa n'kukwera pabedi.

"Atate banapenta kuti inkale yatu," anatero achimwene. "Manje iwe waibweza kuli bene."

Ndinapsa mtima, monga mmene munthu amapsera akadziwa kuti mnzake akunena zoona. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezi.

"Unanifunsa?" anayankha.

M'chipinda muja tinkamva amayi akusuntha mpando kuti asese pansi pake.

Tsono amayi akhazikika ku Chelstone. Masana sayandikira geti. Amadzuka m'mawa, amasesa, amapukuta mawindo amene ndi oyera kale, ndipo mkuwa uja amaubwerera kangapo patsiku. Pa sofa sakhalapo. Ndikawaitanira ku tebulo amatenga mbale yawo n'kukadyera pa sitepe ya kuseri kwa khitchini. Bambo a kunyumba, mkamwini amene kale ankamuseka kuti amadya ngati mbalame, tsopano ndi bwana, ndipo akalowa amayi amaimirira. Ndayesa kuwaonetsa zithunzi, ndayesa kuwaimbira nyimbo za ku kwaya kwawo. Amamvetsera mwaulemu, n'kupempha kuti apitirize ntchito. Ndinayesa kufunditsa zibulunga zija ndi masokosi, koma m'mawa ndinapeza masokosi atachapidwa ali pa chingwe. Amagona pa mphasa, pansi, pambali pa bedi loyalidwa bwino.

Lachinayi amayi a mapemphero anabwera. Analowa m'chipinda monga ndinaganizira, ndipo maso awo anachoka pa makatani kufika pa bedi monga ndinaganizira. Analiyamikira. Wina anafunsa kumene ndinagula, wina anajambula ndi foni. Amayi anga anali ataima pakona, manja kumbuyo, kudikira kuti alendo atuluke akolope. Ndinalandira matamando amene ndinkawafuna, ndipo anandiwawa.

Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, kapena kuti mundiuze kuti sindinadziwe. Ndikudziwa kuti sindinadziwe. Ndikulemba chifukwa ku Chelstone, ku Woodlands ndi kwina konse kumene kuli mipanda ndi mageti, m'zipinda zakumapeto, mukukhala makolo amene tinawachotsa m'makomboni ndi m'midzi kuti tiwasamale. Timawakonda, zimenezo sindikukayika. Koma taonani zimene timachita akafika. Kapu yawo yachitsulo yokalikakalika timaibisa, n'kuwapatsa yagalasi imene akuopa kuigwira. Bulangete lawo lakale timaliyalira galu. Wailesi yomangidwa ndi mphira timaitaya tsiku lomwelo. Timawagulira zatsopano zokhazokha, kenako timadabwa kuti bwanji akhala phee ngati alendo, bwanji akungofunsa tsiku lobwerera. Ndiye timadandaula kwa anzathu kuti okalamba ndi ovuta, sayamika.

Kodi timakonzera ndani? Funso limeneli ndilibe nalo yankho loyera. Pakhonde paja panali chikondi ndipo panalinso manyazi, ndipo sindingathe kukuuzani kuti ndi chiti chinapala kwambiri.

Pali china chimene chikundisowetsa mtendere. Anthu aja a pageti la kuseri kwa msika ndawatukwana mumtima mwezi wathunthu. Anaona mayi wopanda nsapato, ndipo palibe anafunsa kuti ndi ndani, wachokera kuti. Anali ndi yankho kale. Ine sindinakweze foni m'mwamba, sindinatchule mawu oipa aja, ndipo musandiike nawo gulu limodzi. Koma inenso ndinaona penti wokhuthala ndili ndi yankho kale, lomwe ndakhala ndikulilalikira patsamba lino. Foni ndinali nayo, achimwene ali pa Woodlands pomwepa. Funso lake linali lalifupi: n'chifukwa chiyani bedi ili ndi lobiriwira?

Miyala yoyera ya m'mbali mwa msewu ndidzapitiriza kuinena. Koma si penti yense amabisa zowola. Wina amapakidwa ndi mwamuna amene waona mkazi wake akugona pansi m'nyumba yake yomwe, ndipo alibe mawu omuuza. Makolo athu ambiri anachita zotere. Zimene anaziona m'makhitchini a eni ndi m'mayadi a eni sanatiuze. Anazikwirira mmene anathera, n'kutilera, n'kutitumiza ku sukulu. Ife timabwera ndi chopalira, ati tikufuna kuona chenicheni.

Ndabwereranso ku sitolo ija. Ndinatola kachibenthu ka penti wakale pakhonde n'kupita nako. Wogulitsa anandiyalira makadi a mitundu yobiriwira yambirimbiri, uliwonse ndi dzina lake lachizungu, ndipo palibe unafanana ndendende. Ndinatenga woyandikira. Namwino uja wandiuza kuti ndiyese, koma ndisayembekezere zambiri. Ati maganizo a munthu wotere akabwerera kumalo akale, nthawi zina amatulukako, nthawi zina amakhala komweko. Ndidzapaka Loweruka, achimwene akadzawatenga amayi kuti fungo lisawapweteke. Ndidzapaka mokhuthala, pamkuwa ndi pamaluwa pomwe, ndipo sindidzasalaza.

Koma Loweruka lisanafike pali madzulo angapo, ndipo madzulo ndiwo ovuta. Dzuwa likapendeka, amayi amachapa kansanza kawo n'kukayanika, amamanga mpango bwinobwino, n'kubwera kudzandifuna nsapato zili m'manja. Dzulo anandipeza ndikuanula zovala kuseri.

"Madamu, nasiliza nchito. Ningayende ku nyumba?"

Inu amene simusowa malangizo, ndiuzeni yankho. Ndikati inde, apita ku geti, ndipo kunja kuli msewu waukulu, magalimoto othamanga, ndi mageti a eni osawerengeka pakati pa Chelstone ndi Kabwata. Ndikati ayi, ndakhala mayi uja woyendetsa chala.

"Gonani kuno lelo," ndinatero. "Kwayamba kuda. Bana badya, bali bwino, natuma muntu kukabaona."

Anayang'ana kumwamba, kumene dzuwa linali likadalipo, kenako anayang'ana geti. Sanakwiye. Analankhula motsitsa, mwaulemu, ngati munthu amene wapemphapo zimenezi kambirimbiri.

"Mukulu alibe vuto, madamu, aziba kupika. Ni kang'ono. Kamaimilila pa chiseko kuyembekeza ine. Sikagona ngati sinabwele."

Kamng'onoko kanali kataima pamaso pawo, imvi zitayamba m'mutu, makiyi a geti ali m'dzanja. Kanawauza kuti lero ayi, mwina mawa.